Kusankha mabiti a rauta: thabwa ndilo limalamula

Pamsewu wochoka m'tauni ya Salima kulowera ku Senga Bay, mtunda wa makilomita pafupifupi 20, thabwa limadyetsa mabanja ambiri. Alipo osema ziboliboli ndi mipando ya mafumu yogulitsa kwa alendo, alipo akalipentala a zitseko ndi mabedi, aliponso olemba zikwangwani za malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja. Zida zawo zakale ndi sompho, chizulo ndi mpeni. Rauta yamagetsi inalowa kale m'mashopu a ukalipentala, ndipo pambuyo pake pakubwera makina ang'onoang'ono a CNC, omwe ndi rauta yomweyo koma yoyendetsedwa ndi kompyuta m'malo mwa dzanja.

Makina otere amaitanitsidwa kunja, makamaka ku China ndi ku South Africa. Wogula amathera nzeru zonse pa makinawo n'kuiwala kachitsulo kamene kamakhudza thabwa, komwe amisiri amati biti. Biti ikakhala yolakwika, thabwa la mlombwa logulidwa ndi ndalama zambiri limapserera kapena kunyotsoka, ndipo bitiyo ikathyoka, ina imachokera ku Lilongwe kapena kunja kwa dziko, ntchito itaima.

Tsinde ndi chogwirira chake

Biti ili ndi mbali ziwiri: tsinde losalala lolowa m'makina, ndi mano odula. Tsindelo limamangidwa ndi kachitsulo kofinya kotchedwa koleti, ndipo poyambira kusankha ndi pomwepa. Matsinde ena amayezedwa m'mamilimita, monga 4, 6, 8 ndi 12, pomwe ena amayezedwa m'mainchi, ndiwo a mamilimita 3.175, 6.35 ndi 12.7. Ndi maso okha, tsinde la mamilimita 6 ndi la 6.35 amaoneka ofanana, koma sali ofanana. Biti ya 6 ikaikidwa mu koleti ya 6.35 imagwedera ndipo imatha kusololoka ili pa liwiro, ya 6.35 ikakakamizidwa mu koleti ya 6 imaononga koletiyo. Pamsika wa m'Malawi katundu wa miyezo yonse iwiri amasakanikirana, choncho kuyeza tsinde musanalipire n'kofunika kuposa kukhulupirira zolembedwa pa paketi.

Makina aang'ono odziwika ndi dzina loti 3018, omwe malo ake ogwirirapo ntchito ndi masentimita 30 m'litali ndi 18 m'lifupi, amabwera ndi koleti ya mtundu wa ER11. Mtunduwu sugwira tsinde loposa mamilimita 7, ndipo mota yake yofooka imagwirizana bwino ndi mabiti a 3.175. Makina okulirapo amamangiridwa rauta yam'manja monga Makita RT0700C, ya mawati 710, yomwe imazungulira maulendo 10,000 mpaka 30,000 pa mphindi. Apo mabiti a mamilimita 6 ndiwo amagwira ntchito yambiri.

Za chitsulo chopangira biti nkhani yake ndi yaifupi. Mabiti a HSS ndi otsika mtengo ndiponso akuthwa akakhala atsopano, koma amabuntha msanga akatentha. A kabaidi, chitsulo chomwe chinapangidwa ku Germany m'zaka za m'ma 1920 pophatikiza tungsten carbide ndi cobalt, amasunga kuthwa nthawi yaitali ngakhale kuti amabenthuka akagwa pa simenti. Pa makina a CNC, pomwe biti imatha kukhala m'thabwa ola lathunthu osapuma, kabaidi ndiye woyenera. Utoto wagolide kapena wabuluu womwe umakutidwa pa mabiti ena umakopa maso, koma pa ntchito ya matabwa phindu lake ndi lochepa.

Kumene mano akulozera

Mano a mabiti ambiri ndi opotoka ngati chingwe, ndipo kupotokako kumasankha kumene tizibenthu ta thabwa tilowere. Biti ya upcut imakokera tizibenthu m'mwamba. Imayeretsa ngalande, sitentha msanga, ndipo ndiyo yoyenera kukumba mozama ndi kudula thabwa lochindikala. Vuto lake n'lakuti imanyamula ulusi wa pamwamba pa thabwa, n'kusiya m'mbali mwa mzere muli manyenje. Thabwa likapanda kumangidwa bwino imalinyamulanso lonse.

Ya downcut imachita zosiyana: imakankhira tizibenthu pansi, motero pamwamba pamatsala posalala. Pa chikwangwani chimene nkhope yake ndiyo idzaonekere, kapena pa pulayiwudi amene khungu lake ndi lopyapyala, imeneyi ndiyo yabwino. Koma popeza utuchi umatsakamira m'ngalande, biti imeneyi siyenera kuboola dzenje molunjika pansi kapena kukumba mozama nthawi imodzi. Utuchi wopanikizika ukatentha umafuka, ndipo moto wa m'shopu ya matabwa umayamba motero.

Ilipo yachitatu, ya compression, yomwe kunsonga kwake imakokera m'mwamba pomwe kumtunda imakankhira pansi, kuti nkhope zonse ziwiri za thabwa zituluke zosalala. Ndi yokwera mtengo, ndipo imagwira bwino pokhapokha ikalowa mozama paulendo woyamba kupitirira pomwe mano amasinthira. Makina ofooka sangathe zimenezo, choncho mwini wa 3018 akaigula wangotaya ndalama.

Zilembo ndi V-bit

Ntchito imene ingabweze ndalama msanga kunyanja ndi ya zilembo: mayina a malo ogona, manambala a zipinda, timatabwa tolozera njira, ndi tizipika ta makiyi tolembedwa mayina a alendo. Biti yake ndi V-bit, yosongoka ngati nsonga ya mkondo. Makina amaitsitsa pomwe chilembo chili chonenepa n'kuikweza pomwe chikuonda, mwakuti makona amatuluka akuthwa ngati ozokotedwa ndi chizulo.

Ma V-bit amasiyana kutambasuka kwa nsonga, ndipo masamu ake ndi osavuta. Ya madigiri 90 imatsegula mzere wotambalala kawiri kuya kwake: kuti mzere wa chilembo ukhale mamilimita 6 m'lifupi, imalowa mamilimita atatu okha. Ya madigiri 60 imafunika kulowa mamilimita 5.2 kuti itsegule mzere womwewo. Choncho pa zilembo zazikulu zowerengedwa munthu ali pamsewu, ya 90 ndiyo yoyenera, chifukwa ya 60 ingaboole thabwa lopyapyala. Pa zilembo zazing'ono zinthu zimatembenuka: ya 90 imangokanda pamwamba, mwakuti sandipepa akadutsa chilembo chimafufutika, pomwe ya 60 kapena ya 30 imalowa mokwanira kusunga mthunzi ndi utoto. Chofunika china n'chakuti thabwa likhale lofanana msinkhu paliponse. Likapendekeka ndi theka la milimita, zilembo za mbali ina zimanenepa pomwe za mbali inayo zikuonda, ndipo olakwa si biti ayi.

Maenje a bawo ndi zosema

Thabwa la bawo lili ndi maenje 32, mizere inayi ya maenje asanu ndi atatu, ndipo wosewera amafuna kuti dzenje lililonse likhale losalala pansi kuti zala zitole nkhomo mosakodwa. Iyi ndi ntchito imene makina amaichita bwino, ngakhale kuti thabwa la bawo la msinkhu wamba silikwana pa 3018. Biti yake ndi ya mutu wobulungira, ya ball nose. Kulakwitsa kofala n'kuigwiritsa ntchito kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto. Pakati penipeni pa nsonga yobulungirayo pamazungulira pang'onopang'ono, motero sipadula koma pamangokhula. Njira yabwino n'kuyamba ndi biti ya nsonga yafulati kuchotsa nyama yambiri ya thabwa, kusiya theka la milimita, kenako yobulungira n'kudzasalaza. Posalazapo mizere iyandikane, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a kunenepa kwa biti: ya mamilimita 6 isunthe mamilimita 0.6 pa mzere uliwonse. Kutalikitsa mizere kumafulumizitsa ntchito, koma nthawi yopulumutsidwayo imakathera pa sandipepa.

Pa zithunzi zotumphuka pa thabwa, monga chambo kapena nkhwazi, pali ball nose yoonda kunsonga koma yonenepa kutsinde, yomwe imafika m'timipata popanda kuthyoka. Komabe makina ang'onoang'onowa amangodula kuchokera pamwamba. Sangalowe kuseri kwa khutu kapena kunsi kwa chibwano cha chiboliboli. Ntchito yonga ya amisiri a ku KuNgoni ku Mua, m'boma la Dedza, malo omwe Bambo Claude Boucher adawakhazikitsa mu 1976, ikadali ya dzanja ndi chizulo, ndipo palibe biti imene ingailowe m'malo.

Tizibenthu, osati fumbi

Biti yabwino imaonongeka tsiku limodzi ngati liwiro lalakwika. Dzino lililonse liyenera kuluma kachibenthu kooneka, chifukwa kachibenthuko ndiko kamachotsa kutentha. Biti ikamazungulira kwambiri koma n'kumayenda pang'onopang'ono, imapera m'malo modula: pamatuluka fumbi losalala ngati ufa, thabwa limada, ndipo mano amabuntha. Anthu ambiri oyamba kumene amachepetsa liwiro poopa kuthyola biti, osadziwa kuti akuiotcha.

Kawerengedwe kake n'kuchulukitsa zinthu zitatu: maulendo ozungulira pa mphindi, chiwerengero cha mano, ndi kukula kwa kachibenthu. Biti ya mano awiri yozungulira maulendo 18,000, dzino lililonse likaluma mamilimita 0.05, iyenera kuyenda mamilimita 1,800 pa mphindi. Ikakhala ya mano anayi iyenera kuyenda 3,600, liwiro lomwe makina opepuka sangalipirire osanjenjemera. N'chifukwa chake mano ochuluka si chizindikiro cha ubwino: mabiti a mano anayi amapangidwira zitsulo, pomwe pa thabwa awiri ndi okwanira, ndipo pa makina ofooka limodzi lokha ndilo labwino. Biti ya dzino limodzi ndiyonso yodulira pulasitiki wa zikwangwani wa acrylic, yemwe amasungunuka n'kumatirira akatentha. Kuya kwa ulendo umodzi kusapitirire theka la kunenepa kwa biti, ndipo pa 3018 kuchepere pamenepo.

Matabwa a kuno

Malangizo obwera ndi mabiti amatchula mitengo ya ku Ulaya ndi ku America, choncho mmisiri wa ku Salima ayenera kudziwa yekha khalidwe la matabwa ake. Mlombwa umadulika bwino ndipo umasunga makona a zilembo. Pa V-bit ndi thabwa lokoma zedi. Mbawa ili ndi ulusi wopingasana, womwe umanyotsoka biti ikakhala yobuntha kapena ikalowa mozama, motero imafuna downcut yakuthwa ndi maulendo osaya. Paini ndi wofewa koma utomoni wake umamatirira m'mano. Malaina ndi opepuka ndiponso opezeka mosavuta, koma amachedwa kuuma, ndipo akadulidwa aawisi amatulutsa ubweya m'malo mwa tizibenthu.

Phingo ndi nkhani ina. Ndi lolemera mwakuti limamira m'madzi, ndipo limadya mano a biti iliyonse. Limafuna kabaidi ndi kuleza mtima, koma limabweza ndi zilembo zosalala zosafuna vanishi. Kuyambira mu 2017 mtengowu uli pa mndandanda wachiwiri wa pangano la CITES loyang'anira malonda a zachilengedwe pakati pa maiko, ndipo kunonso kudula mitengo yachilengedwe kumafuna chilolezo cha nthambi ya zankhalango. Matabwa opangidwa kufakitale, monga MDF ndi pulayiwudi a Raiply ku Chikangawa, alibe ulusi wovuta, koma guluu wake amabunthitsa HSS mofulumira, ndipo fumbi la MDF siliyenera kupumidwa popanda chotchinga kumphuno.

Kunyanja kuli mdani wina amene mabuku samutchula kawirikawiri: mchenga. Thabwa losungidwa pansi limatola timchenga m'ming'alu, ndipo kamchenga kamodzi kamakwanira kubenthula dzino la kabaidi. Lipukutidwe ndi bulashi lisanakwere pa makina, ndipo ngati ndi thabwa lakale la boti kapena la denga, lifufuzidwe misomali. Magetsi akazima ntchito ili mkati, biti imaima itakanirira m'thabwa. Iyenera kukwezedwa kaye makina asanayatsidwenso, apo ayi imathyoka poyamba kuzungulira.

Woyamba kumene safunika bokosi la mabiti 30 logulitsidwa motchipa, lomwe ambiri mwa iwo ali ndi kagudumu kunsonga kotsatira m'mbali mwa thabwa. Amenewo ndi a rauta yam'manja ndipo pa CNC sagwira ntchito. Asanu ndi okwanira: upcut imodzi, downcut imodzi, V-bit ya 60 ndi ya 90, ndi ball nose imodzi, makamaka ziwiriziwiri za zing'onozing'ono zomwe zimathyoka. Iliyonse ikhale m'kabowo kake pa chipika kuti mano asagundane. Utomoni uchotsedwe ndi parafini ndi mswachi wakale, ndipo m'nyengo ya dzinja, pomwe chinyontho cha kunyanja chimadyetsa dzimbiri koleti ndi matsinde, zipakidwe mafuta pang'ono n'kupukutidwa zisanamangidwe.