Mafuta Ndi a Wosamuka: Mbiri ya Malole Obwereka ku America

Ku America, munthu wofuna kusamuka nthawi zambiri safunafuna dalaivala. Amapita ku kampani yobwereketsa malole, n'kusaina mapepala, kulandira makiyi, basi n'kudziyendetsera yekha katundu wake, mwina ulendo wa masiku anayi kapena asanu. Kwathu wosamuka amachita hayala lole pamodzi ndi dalaivala wake, ndipo mtengo umene agwirizana umakhala utaphatikiza kale mafuta. Uko n'kosiyana: mafuta amagula ndi wobwereka, ndipo pobweza lole geji iyenera kuloza pomwe inali poitenga. Lamuloli limaoneka ngati laling'ono, koma ndilo phata la malonda onsewa. Mbiri yake ikusonyeza kuti malondawa anakula m'nthawi imene mafuta anali otchipa, ndipo kuyambira pachiyambi mtolo wa kukwera mtengo kwa mafuta unasenzetsedwa wosamukayo.

Zinayamba m'chaka cha 1945, nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ikutha. Leonard Shoen, yemwe anali atangochoka m'gulu la asilikali apamadzi, ndi mkazi wake Anna Mary Carty ankafuna kusamuka ku Los Angeles kupita ku Portland, m'chigawo cha Oregon. Anasowa wowabwereka ngolo yokoka ndi galimoto imene akanaisiya komwe akupitako, chifukwa aliyense wobwereketsa ankafuna kuti ngolo yake ibwerere kumene yachokera. Chaka chomwecho banjali linayambitsa kampani ya U-Haul ku Ridgefield, m'chigawo cha Washington, ndi madola 5,000 okha, ndipo ngolo imodzi ankaibwereketsa pa madola 2 patsiku. Nzeru ya Shoen inali yoti asamange masitolo akeake. Ngolozo ankazisiya pa malo omwetsera mafuta, eni malowo n'kumalandirako gawo la ndalama. Choncho malondawa anabadwira pambali pa pampu ya petulo, ndipo popeza wobwereka ankakoka ngoloyo ndi galimoto yake, panalibe wofunsa kuti mafuta agule ndani. Pamene kampaniyo inayamba kubwereketsanso malole mu 1959, chizolowezi chija chinangopitirira, ngakhale kuti tsopano injini yomwa mafutayo sinalinso ya kasitomala.

Nthawi imeneyo nkhaniyi sinkadetsa nkhawa aliyense. Mu 1956 Pulezidenti Dwight Eisenhower anasaina lamulo lomanga misewu ikuluikulu yolumikiza zigawo zonse za dzikolo, ya makilomita pafupifupi 66,000. Mabanja ambiri ankachoka m'mizinda yozizira ya kumpoto kupita ku California, Texas, Florida ndi Arizona, moti nayo U-Haul inasamutsira likulu lake ku Phoenix mu 1967, ndipo mu 1968 kampani ya Ryder inalowa nawo malonda a malole osiya komwe wafika. Petulo ankagulidwa pa masenti pafupifupi 30 galoni imodzi, yomwe ndi malita osakwana pang'ono anayi. Kuti tione tanthauzo lake, titenge lole yaikulu ya masiku ano, ya bokosi lotalika pafupifupi mamita asanu ndi atatu, imene imayenda makilomita oposa pang'ono anayi pa lita imodzi. Kuchoka ku New York kukafika ku Los Angeles ndi makilomita pafupifupi 4,500, ndiye kuti pamafunika malita oposa 1,000, kapena magaloni pafupifupi 280. Pa mtengo wa m'zaka za m'ma 1960, mafuta onsewo sakanakwana n'komwe madola 90. Ndalama imeneyo inali yolemera kuposa madola 90 a lero, komabe munthu ankatha kuidziwiratu, chifukwa mtengo wa petulo unkakhala zaka zambiri osasintha kwenikweni.

Bata limeneli linatha mu October 1973, pamene mayiko a Aluya okumba mafuta analeka kugulitsa mafuta ku America chifukwa dzikolo linkathandiza Israel pa nkhondo. M'miyezi yochepa mtengo wa mgolo wa mafuta osayenga unachoka pa madola pafupifupi 3 kufika pafupi ndi madola 12. Pa malo omwetsera mafuta panali mizere italiitali, ndipo m'zigawo zina tsiku lomwetsa galimoto linkatengera nambala yake yomaliza. Mu January 1974 Pulezidenti Richard Nixon anasaina lamulo loti galimoto zisamathamange kuposa mamailosi 55 pa ola, pafupifupi makilomita 90, pofuna kupulumutsa mafuta, ndipo malire a liwiro a dziko lonse anakhalapo mpaka 1995. Malo ambiri omwetsera mafuta anatsekedwa m'zaka zimenezo, U-Haul n'kutaya anthu ambiri oigulitsira malonda, ndipo inayamba kutsegula malo akeake. Kampani inapeza njira yodzitetezera, koma lamulo la geji silinasinthe. Mtengo wa petulo utadutsa madola 4 pa galoni mu 2008, ndiponso madola 5 mu June 2022, ulendo uja wa magaloni 280 unafika pa madola 1,400 a mafuta okha, ndipo onsewo anachokera m'thumba la wosamuka.

Ena anganene kuti pamenepa palibe cholakwika, chifukwa amene wagwira chiwongolero ndiye amalamulira kamwedwe ka mafuta. Mfundoyi ndi yoona ndithu. Wothamanga kwambiri, wodzaza lole mpaka kudenga, kapena wokoka galimoto yake kumbuyo pokwera mapiri a Rocky amatha mafuta ambiri kuposa mnzake wodekha, ndipo sichingakhale chilungamo kuti onse awiri alipire mofanana. Ena anganenenso kuti makampani osamutsa anthu ndi madalaivala awo nawonso amawonjezera ndalama mafuta akakwera. Izinso n'zoona, koma iwo amatchula ndalamayo ulendo usanayambe, pamene wodziyendetsera amaidziwa pang'onopang'ono, pampu ndi pampu, ali kale pakati pa msewu, katundu yense ali kumbuyo. Palinso onena kuti anthu ambiri amasamuka mumzinda momwemo, ndiye mafuta sakhala ambiri. Koma ngakhale iwowo amakopeka ndi mtengo wa madola 19.95 wolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu pa lole, umene suphatikiza ndalama ya mailosi iliyonse, inshuwalansi kapena mafuta, ndipo akabweza lole thanki itatsika amalipitsidwa mafutawo pa mtengo wa kampani, nthawi zina ndi chindapusa pamwamba. Vuto silili pa kugula mafuta kokha ayi. Lili pakuti mtengo umene umaoneka ndi maso ndi gawo chabe la ndalama zonse, ndipo amene amasankha kudziyendetsera nthawi zambiri ndi amene alibe ndalama zapadera zotchingira zadzidzidzi.

Mbiriyi ikutiphunzitsa kuti mwambo wobadwa m'nthawi ya ngolo za madola 2 ndi petulo wa masenti 30 ukugwirabe ntchito m'nthawi imene mtengo wa mafuta umatha kusintha sabata imodzi chifukwa cha nkhondo yakutali. Mwambowu si woipa, bola wosamuka aziudziwa asanasaine. Inu amene muli kumeneko, kapena muli ndi m'bale amene akukonzeka kusamuka, yambani ndi kuwerengera mtunda wonse, muugawe ndi makilomita amene loleyo imayenda pa lita, muchulukitse ndi mtengo wa pa pampu wa madera amene mudutse, kenako muwonjezere ina yapadera, chifukwa lole yodzaza imamwa kuposa mmene kampani imalembera. Jambulani geji potenga lole, yendani modekha, ndipo mumwetse nokha musanaibweze. Mukatero mudzadziwa mtengo weniweni wa ulendo wanu musanakweze ndi mpando umodzi womwe.