Petero Civoniceva, mwana wa ku Suva amene Fiji idamupeza mochedwa

Mu November 2008, mumzinda wa Sydney, timu ya Australia idakuntha Fiji 52-0 mu semifainolo ya chikho cha dziko lonse cha rugby league. Patatha zaka zisanu matimu omwewa adakumananso pa ndime yomweyi, ulendo uno pa bwalo la Wembley ku London, ndipo zinthu zidaipiratu, Australia idapambana 64-0. Pali munthu wina amene adalawa mbali zonse ziwiri. Mu 2008 Petero Civoniceva adali m'gulu la omenya, atavala yunifolomu ya Australia. Mu 2013 adali kaputeni wa omenyedwa, ali ndi zaka 37, ndipo amene ankamuthamangitsa m'bwalomo adali anzake omwe adagona nawo m'makampu zaka zambirimbiri.

Civoniceva adabadwira ku Suva, likulu la Fiji, pa 21 April 1976. Makolo ake adasamukira ku Australia iye adakali khanda, nakakhazikika ku Redcliffe, tauni ya m'mphepete mwa nyanja kumpoto kwa Brisbane m'chigawo cha Queensland. Kwawo ku Fiji masewero otchuka ndi rugby union, makamaka ya osewera asanu ndi awiri mbali iliyonse. Koma ku Redcliffe mwana akangoyamba kuthamanga amapatsidwa mpira wa league, ndipo timu ya m'deralo, Redcliffe Dolphins, ndiyo idamuphunzitsa ntchito.

Kwa ife ozolowera mpira wamiyendo, rugby yonse imaoneka ngati imodzi, komatu ilipo iwiri. League idabadwa mu 1895 pomwe matimu a kumpoto kwa England, amene osewera ake ambiri adali anthu a m'migodi ndi m'mafakitale, adagalukira akuluakulu a masewerowa pa nkhani yolipira osewera akajomba kuntchito chifukwa cha mpira. Lero timu ya league imakhala ndi anthu 13. Ikagwira mpira imapatsidwa mipata isanu ndi umodzi yokha: wonyamula mpira akagwetsedwa kachisanu ndi chimodzi, mpira umapita kwa adani. Ndiye pamafunika anthu oti pa mipata yoyambayo azitenga mpira n'kuthamangira dala pakati pomwe pali khoma la adani, kuti apeze mamita khumi, mwina khumi ndi awiri, anzawo opepuka miyendo apeze poyambira. Anthu amenewa amatchedwa ma prop, amavala nambala 8 ndi 10, ndipo ntchito yawo ndi ya ng'ombe ya pangolo: imakoka tsiku lonse koma pofika kumsika anthu amayamikira katundu. Civoniceva adagwira ntchito imeneyi mu ligi yaikulu zaka 15.

Adalowa m'timu yaikulu ya Brisbane Broncos mu 1998, chaka chomwe ligi ya NRL idayamba, matimu atagwirizananso pambuyo pa mkangano wa Super League umene udagawa masewerowa pawiri. Mphunzitsi adali Wayne Bennett, ndipo timuyo idali yodzaza ndi akatswiri monga Allan Langer, Darren Lockyer, Gorden Tallis ndi Shane Webcke. Mnyamata wa zaka 22 sakadayembekeza zambiri, koma chaka chomwecho adasewera nawo fainolo, kuchokera pa benchi, pomwe Broncos idagonjetsa Canterbury 38-12. Mu 2000 timuyo idatenganso chikho koma iye adaonerera ali panja chifukwa adali atavulala. Chikho chimene angachitchule kuti ndi chake ndithu n'cha mu 2006, pomwe iye ndi Webcke adayamba limodzi kutsogolo ndipo Broncos idaposa Melbourne Storm 15-8, anthu ambiri atapatsa kale Storm chikhocho. Adali masewero otsiriza a Webcke.

Koma dzina la Civoniceva lidakulira kwina, mu State of Origin. Awa ndi masewero atatu pachaka pakati pa zigawo za Queensland ndi New South Wales, ndipo ku Australia amatenthetsa mitu kuposa masewero a timu ya dziko. Wosewera amaimira chigawo chimene adakuliramo, choncho mwana wa ku Suva woleredwa ku Redcliffe adali wa Queensland popanda wotsutsa. Mu 2000 Queensland idachititsidwa manyazi, idagonja masewero onse atatu, otsirizawo 56-16. Chaka chotsatira Bennett, atapatsidwa uphunzitsi wa Queensland, adasesa timu n'kulowetsa anyamata atsopano ambiri, Civoniceva ali momwemo, ndipo adalanda mpikisanowo. Chaka chomwecho cha 2001 adaitanidwanso ku timu ya Australia, ya Kangaroos.

Zinthu sizidayende bwino nthawi zonse. New South Wales idapambana mu 2003, 2004 ndi 2005, ndipo pofika 2006, Mal Meninga atatenga uphunzitsi, nkhani idali yoti akuluakulu a m'timuyo atha ntchito. Civoniceva ndi prop mnzake Steve Price adali m'gulu la onenedwawo, popeza onse adali atakwana zaka 30. Masewero achitatu a chaka chimenecho, ku Melbourne, Queensland idali kumbuyo mpaka kumapeto, pomwe Lockyer adatola mpira wotayika n'kugoletsa, masewero n'kutha 16-14. Kuchokera pamenepo Queensland idapambana zaka zisanu ndi zitatu zotsatizana. Anthu akamakumbukira nyengo imeneyo amatchula Johnathan Thurston, Cameron Smith, Billy Slater ndi Greg Inglis, ndipo sakulakwa. Koma Thurston sakadachita zamatsenga zake timu ikubwerera m'mbuyo, ndipo oikankhira kutsogolo adali madala awiri aja amene ankati atha ntchito.

Kumapeto kwa 2007 Broncos idataya Civoniceva. Mu NRL muli malire a ndalama zimene timu ingalipire osewera ake onse pamodzi, ndipo malire amenewa akathina, oyamba kuganiziridwa ndi achikulire. Zokambirana za kontirakiti zidasokonekera, munthu amene ankaoneka kuti adzakalambira ku Brisbane n'kupezeka wasaina ku Penrith Panthers, kumadzulo kwa Sydney. Kumeneko adamupatsa ukaputeni. Penrith idali itathera pansi penipeni pa ligi mu 2007. Pofika 2010 idamaliza pa nambala yachiwiri. Sindikunena kuti adachita yekha, koma amene adaganiza kuti miyendo yake yatha adaphonya ndi zaka zisanu. Adabwerera ku Broncos mu 2012 kudzatsazika, ndipo masewero ake omaliza a Origin adali pa bwalo la Suncorp ku Brisbane, pomwe Queensland idapambana 21-20 ndi mpira umene Cooper Cronk adaumenya chapatali. Adatseka buku ndi masewero 309 a NRL, 33 a Queensland ndi 45 a Australia, chiwerengero chimene pa nthawiyo palibe wosewera kutsogolo aliyense wa Australia adachifikapo.

Nanga Fiji idali kuti zaka zonsezi? League idafika ku zilumbazi mochedwa, mu 1992, ndipo chaka chotsatira Noa Nadruku adadabwitsa Australia yonse pogoletsa ma try 22 ku Canberra Raiders. Timu ya dziko, imene amaitcha Bati, idayamba kupita ku chikho cha dziko lonse mu 1995. Luso lidalipo. Chimene chidalibe ndi ndalama, masewero okhazikika, komanso malamulo oyikomera. Pa nthawi ya Civoniceva, wofuna kusewera Origin ankayenera kudzipereka ku Australia. Kusankha Fiji kudali kutaya Origin, kutaya malipiro ake, n'kusankha timu imene inkatha chaka chathunthu osasewera masewero a mphamvu. Ndani akadatero ali ndi zaka 25? Ena amati adagulitsa kwawo. Ine ndimaona kuti mlanduwo ndi wa amene adalemba malamulo, osati wa mnyamata amene adakulira ku Redcliffe ndipo adasewerera chigawo chimene chidamulera.

Atasiya NRL sadapite kukakhala pakhonde. Mu 2013 adabwerera ku Redcliffe Dolphins, mu ligi ya m'chigawo cha Queensland, kuti thupi lisazizire, cholinga chili pa chikho cha dziko lonse ku England. Mphunzitsi wa Fiji Rick Stone adamupatsa ukaputeni wa timu imene mudali Akuila Uate, abale awiri a Naiqama, Wes ndi Kevin, komanso abale atatu a Sims, Ashton, Tariq ndi Korbin. Adayamba ndi kugonjetsa Ireland 32-14 ku Rochdale, tauni imene muli a ku Fiji ambiri kuyambira zaka za m'ma 1960 pomwe timu ya kumeneko idayamba kutenga osewera ku zilumbazi. Adagonja kwa Australia ndi England m'gulu, koma mu kotafainolo ku Warrington adathyola Samoa 22-4. Amene adaonera mpikisanowo amakumbukira kwambiri za Bati akamaliza masewero: amuna zimphona atakolekana mapewa pakati pa bwalo, akuimba nyimbo ya kutchalitchi m'mawu anayi, ena misozi ili mbwee, kenako n'kugwada kupemphera, kaya apambana kaya agonja.

Za ku Wembley zija pali kena kowawitsa mtima. Jarryd Hayne, amene bambo ake ndi a ku Fiji, ndiye adali nyenyezi ya Bati mu 2008. Mu 2013 adali atawolokera ku Australia, ndipo adali m'gulu la ogoletsa tsiku limenelo. Awiriwa adachita ngati asinthana mipando, kungoti Australia idatenga Hayne ali pachimake, pomwe Fiji idalandira Civoniceva mawondo atatopa.

Malamulo adasintha pambuyo pake, moti wosewera atha kusewera Origin koma n'kuimirabe dziko ngati Fiji, Samoa kapena Tonga. Zotsatira zidaoneka mu 2017: Jason Taumalolo adasiya New Zealand, Andrew Fifita adasiya Australia, onse n'kupita ku Tonga, ndipo Fiji idagonjetsa New Zealand 4-2 ku Wellington, masewero opanda try ngakhale imodzi, n'kufikanso mu semifainolo kachitatu motsatizana. Kusinthaku kudafika Civoniceva atapuma kale.

Mu 2018 adalowetsedwa mu NRL Hall of Fame, ndipo mendulo ya wosewera bwino kwambiri mu ligi ya Queensland imatchedwa dzina lake. Koma ntchito imene waikapo mtima ndi ina. Kwa zaka zambiri adalimbana kuti Fiji ikhale ndi timu yakeyake mu mipikisano ya ku Australia, kuti mnyamata wa kumudzi pa chilumba cha Viti Levu aphunzire league ya ukatswiri asadatengedwe ndi maejenti ali wosakhwima. Timuyo, Kaiviti Silktails, iye ali wapampando, idalowa mu Ron Massey Cup ya ku New South Wales mu 2020. Idapambana masewero ake oyamba ku Lautoka, kenako Covid-19 idaimitsa mpikisano, ndipo chaka chotsatira anyamatawo adachita kusamukira ku Sydney kuti athe kusewera. Mu 2024 Silktails idalowa mu Jersey Flegg Cup, mpikisano wa osewera osapitirira zaka 21 umene matimu a NRL amasankhamo anyamata awo.