Injini ya boti, m'kati kapena kumbuyo?

Kwa zaka mazanamazana, amene ankayenda pa Nyanja ya Malawi ndi mumtsinje wa Shire ankadalira bwato la mtengo wogoba ndi nkhafi. Pambuyo pake amalonda a akapolo anabwera ndi zombo zamatanga. Zonsezi zinkayenda ndi mphamvu za mikono kapena za mphepo.

Ine ndimati mbiri ya injini pa Nyanja ya Malawi inayamba mu 1875. Chaka chimenecho E. D. Young ndi Robert Laws, a m'gulu la amishoni, anabwera ndi Ilala, kasitima koyendera nthunzi. Atafika pa mathithi a Shire anakaphwasula, ndipo mafumu a Makololo anasonkhanitsa anthu mazanamazana oti asenze zitsulozo, kuphatikizapo zigawo za injini, ulendo wa makilomita pafupifupi 100 m'mapiri ndi m'zigwa. Kumtunda anakalumikizanso, ndipo pa 12 Okutobala kanalowa m'nyanja. Mabuku amatamanda amishoni, koma kwa ine ulemu ukuyenera kupita kwa amtengatenga aja, chifukwa popanda mitu ndi mapewa awo Ilala ikanachita dzimbiri kumunsi kwa mathithi. Injini ya nthawi imeneyo inali yolemera ndipo inkadya nkhuni zambiri, choncho malo ake anali amodzi basi, m'mimba mwa sitima. Chauncy Maples ya 1901 ndi Ilala yachiwiri ya 1951 nazonso zinali ndi injini m'kati.

Injini yopachika kumbuyo inatchuka ndi Ole Evinrude ku America cha m'ma 1909. Inali yopepuka ndiponso yotsika mtengo. Komabe anthu a masewera otsetsereka pamadzi, omwe Ralph Samuelson anayambitsa mu 1922, anakonda injini ya m'kati, ndipo mu 1961 kampani ya Correct Craft inatulutsa boti la Ski Nautique lopangidwira masewerawa. Zifukwa zake n'zomveka. Pulopela imakhala pansi pa boti, kutali ndi miyendo ya munthu amene akukokedwa pachingwe. Kulemera kwa injini kukakhala pakati, boti silidzutsa mutu ponyamuka ndipo limasiya mafunde ang'onoang'ono, osavuta kudutsa. Kumbuyonso kumatsala malo okwerera potuluka m'madzi.

Msodzi wa ku Mangochi zofuna zake n'zina. Iye amafuna injini yoti aichotse madzulo n'kukaisunga m'nyumba, aitukule pamadzi osaya, aipititse kwa makaniko ikafa. N'chifukwa chake maboti amatabwa okoka chilimira amayendera Yamaha yakumbuyo.

Ife a ku Bvumbwe nyanja ili nafe kutali, maso athu anazolowera minda ya tiyi ndi madimba a kabichi. Koma usipa ndi utaka umene amayi amatsatsa pamsika wathu, wambiri umafika kugombe ndi injini yakumbuyoyo, ndipo petulo akakwera mtengo, mulu wa usipa nawo umachepa. Choncho pamkangano wa injini ziwirizi, ine ndimaikira kumbuyo ya msodzi: ya m'kati ya maboti amasewera imasangalatsa alendo ochepa m'malo ochezera a kunyanja, pomwe yakumbuyo imabweretsa ndiwo m'makomo mwathu.