Nyuroni

Nyuroni ndi selo limene limalandira uthenga, kuusanthula ndi kuutumiza kwa maselo ena m'thupi. Zikakhala zambiri zimatchedwa manyuroni. Amapezeka mu ubongo, mu mtsempha waukulu umene umadutsa m'kati mwa fupa la msana, ndiponso m'mitsempha ing'onoing'ono imene yamwazikana thupi lonse. Kuona, kumva, kuyenda, kulankhula, kukumbukira ndi kupuma, zonsezi zimatheka chifukwa manyuroni akupatsirana uthenga. Ubongo wa munthu wamkulu uli ndi manyuroni pafupifupi mabiliyoni 86. Ambiri mwa iwo amapangidwa munthu asanabadwe, ndipo akafa salowedwa m'malo ngati mmene maselo a khungu kapena a magazi amachitira. N'chifukwa chake zimene zimachitikira mayi woyembekezera ndi mwana wamng'ono zimatsatira munthu moyo wake wonse.

M'Chichewa mawu akuti mtsempha amatanthauza njira ya magazi komanso njira ya uthenga. M'nkhani ino akutanthauza njira ya uthenga, pokhapokha magazi atatchulidwa.

Kapangidwe kake

Nyuroni ili ndi mbali zitatu. Yoyamba ndi thunthu la selo, mmene muli malangizo a chibadwa ndiponso mmene mumapangidwa zonse zofunika kuti selo likhale ndi moyo. Yachiwiri ndi timphanda tambiri totuluka pa thunthupo ngati nthambi za mtengo. Timatchedwa ma dendrite, ndipo ntchito yake ndi kulandira uthenga. Yachitatu ndi kachingwe kamodzi kakatali kotchedwa axon, kamene kamanyamula uthenga kupita kwina. Ma axon ena ndi aafupi osakwana milimita imodzi, koma amene amachoka m'munsi mwa msana kukafika ku chala chachikulu cha kuphazi amatalika pafupifupi mita imodzi.

Ma axon ambiri ndi okutidwa ndi mafuta oyera otchedwa myelin, monga mmene waya wa magetsi amakutidwira ndi pulasitiki. Myelin amapangidwa ndi maselo ena otchedwa glia, amene chiwerengero chawo mu ubongo chimafanana ndi cha manyuroni. Maselo a glia amadyetsanso manyuroni, kuchotsa zinyalala ndi kulimbana ndi tizilombo.

Potengera ntchito, manyuroni ali m'magulu atatu. Ena amatenga uthenga ku maso, makutu, mphuno, lilime ndi khungu kupita nawo ku msana ndi ku ubongo. Ena amatenga malamulo kupita nawo ku minofu. Gulu lachitatu, limene ndi lalikulu koposa, limalumikiza manyuroni okhaokha. Chala chikakhudza mbaula yamoto, magulu atatuwa amagwirira ntchito pamodzi mu msana, ndipo dzanja limathawa uthenga wa ululu usanamveke n'komwe mu ubongo.

Mmene uthenga umayendera

M'kati mwa nyuroni uthenga umayenda ngati mphamvu ya magetsi. Selo likakhala phee, m'kati mwake mumakhala mphamvu yotsika ndi mamilivoti pafupifupi 70 poyerekeza ndi kunja, chifukwa chikopa cha selo chimapopera sodiyamu kunja ndi kulowetsa potaziyamu. Uthenga wokwanira ukafika, timakomo ta pa chikopacho timatseguka, sodiyamu amalowa mofulumira, ndipo kusinthaku kumathamanga mpaka kumapeto kwa axon. Nyuroni siiwombera pang'ono kapena kwambiri: imawombera kapena kusawombera. Ululu waukulu umasiyana ndi waung'ono chifukwa cha kuchuluka kwa maulendo amene manyuroni awombera pa sekondi, ndi kuchuluka kwa manyuroni amene akhudzidwa. Mu axon yaikulu yokhala ndi myelin uthenga umatha kuthamanga mamita 120 pa sekondi, pamene mu yaing'ono yopanda myelin umayenda mita imodzi kapena iwiri.

Manyuroni awiri sagundana. Pamalo okumanirana, otchedwa synapse, pali kampata kakang'ono kosaoneka ndi maikulosikopu wamba. Magetsi akafika pamenepo, nyuroni yoyamba imatulutsa mankhwala amene amawoloka kampatako n'kukakamira pa nyuroni yachiwiri. Ena mwa mankhwalawa, monga glutamate, amaiuza kuti iwombere. Ena, monga GABA, amaiuza kuti ikhale chete. Acetylcholine ndi amene amafikitsa lamulo ku minofu, ndipo dopamine amathandiza pa kayendedwe ka thupi ndi pa chilakolako chochita zinthu. Nyuroni imodzi imatha kulandira uthenga kuchokera ku ma synapse masauzande ambiri, ndipo imawombera ngati mawu oiuza kutero aposa mawu oiletsa.

Ntchito imeneyi imafuna chakudya chambiri. Ubongo umalemera magawo 2 okha pa 100 a thupi, koma umatenga magawo pafupifupi 20 pa 100 a mphamvu zimene munthu wamkulu amagwiritsa ntchito akamapumula. Manyuroni sasunga shuga kapena mpweya wa okosijeni wokwanira, motero magazi akasiya kufika kwa mphindi zochepa amayamba kufa.

Mmene amapangidwira ndi kukula

Pa sabata yachitatu mayi atatenga pathupi, kumsana kwa mluza kumapangika kachigamba ka maselo. Kachigambaka kamapindika n'kukhala kapaipi, kamene kamatsekeka pofika tsiku la 28, nthawi imene amayi ambiri amakhala asanadziwe kuti ali ndi pakati. Kumutu kwa kapaipiko kumasanduka ubongo ndipo mbali yotsalayo imasanduka mtsempha wa mumsana. Kakalephera kutsekeka kumunsi, mwana amabadwa ndi chotupa kapena bala pamsana, vuto lotchedwa spina bifida.

Maselo a m'kati mwa kapaipi amagawikana mofulumira kwambiri, moti nthawi zina pamapangidwa manyuroni mazana a masauzande pa mphindi imodzi. Nyuroni yatsopano siikhala pamene yabadwira. Imakwawa potsatira ulusi wa maselo a glia mpaka kukafika pamalo pake. M'chikuto cha ubongo, chotchedwa cortex, muli mizere isanu ndi umodzi yosanjikizana, ndipo imamangidwa kuchokera m'kati: manyuroni oyamba amakhala pansi, obwera pambuyo amawadutsa n'kukakhala pamwamba pawo.

Ikafika, nyuroni imatulutsa axon imene nsonga yake imafunafuna njira potsatira mankhwala oikoka ndi ena oikankha. Thupi limapanga manyuroni ochuluka kuposa ofunika, ndipo amene alephera kupeza polumikiza amafa. Zimenezi si matenda koma njira yachibadwa yosankhira.

Mwana akamabadwa, ubongo wake umalemera magalamu pakati pa 350 ndi 400, pamene wa munthu wamkulu umalemera makilogalamu pafupifupi 1.4. Kukula kumeneku sikuchokera kwenikweni ku manyuroni atsopano, koma ku nthambi, ma synapse, myelin ndi maselo a glia. M'zaka zoyambirira ma synapse amachuluka mopitirira muyeso, kenaka amayamba kudulidwa: ogwiritsidwa ntchito amalimba, osagwiritsidwa ntchito amachotsedwa. Apa ndi pamene kulankhula naye mwana, kumuimbira, kusewera naye ndi kumuyankha akalira kumaumba ubongo wake. Pofika zaka 6 ubongo umakhala utafika magawo pafupifupi 90 pa 100 a kukula kwake, koma mbali ya kumphumi, imene imathandiza kudziletsa ndi kulingalira za mawa, imapitirizabe kukhwima mpaka munthu atapitirira zaka 20.

Dongosolo lake mu ubongo

Manyuroni sanagawidwe mofanana. Pafupifupi mabiliyoni 69 ali mu cerebellum, kaubongo kakang'ono ka kunkhongo kamene kamawongolera kayendedwe ndi kuthandiza munthu kusagwa. Mu cortex muli pafupifupi mabiliyoni 16. Mbali ya kumbuyo kwa cortex imayang'anira kuona, ya m'mbali mwa makutu kumva, ndipo kamzere ka pakati pa mutu kamalamulira minofu. Tsinde la ubongo, limene limalumikizana ndi msana, limayendetsa kupuma ndi kugunda kwa mtima. Hippocampus imathandiza munthu kukumbukira zinthu zatsopano.

Njira zambiri zimapingasana potsika, motero mbali ya kumanzere ya ubongo imalamulira dzanja ndi mwendo wa kumanja. Mwa anthu ambiri chilankhulo chilinso kumanzere. Ichi n'chifukwa chake munthu amene wafa ziwalo za kumanja ndi sitiroko kawirikawiri amavutikanso kulankhula.

Mbiri ya kafukufuku

Mu 1873 Camillo Golgi wa ku Italy anapeza njira yodetsera manyuroni ochepa kuti aoneke athunthu pa maikulosikopu. Santiago Ramón y Cajal wa ku Spain anagwiritsa ntchito njirayi n'kusonyeza kuti nyuroni iliyonse ndi selo lapalokha. Golgi sanavomereze, ankati ubongo ndi ukonde umodzi wosadukiza, komabe awiriwa anagawana mphotho ya Nobel mu 1906. Charles Sherrington anayambitsa dzina loti synapse mu 1897, ndipo mu 1921 Otto Loewi anasonyeza pogwiritsa ntchito mitima ya achule kuti mitsempha imatumiza uthenga ndi mankhwala. Alan Hodgkin ndi Andrew Huxley anafotokoza za magetsi a mu axon mu 1952. Chiwerengero cha mabiliyoni 86 chinachokera ku gulu la Suzana Herculano-Houzel wa ku Brazil mu 2009. Izi zisanachitike mabuku ambiri ankalemba mabiliyoni 100.

Zimene zimawononga manyuroni ku Malawi

Kusowa zakudya. Folic acid amathandiza kapaipi ka mluza kutsekeka bwino, ayodini amafunika kuti manyuroni akule ndi kufika pamalo pake, ndipo ayironi amafunika popanga myelin. Ichi n'chifukwa chake mchere wogulitsidwa m'dziko muno umayenera kukhala ndi ayodini, ndipo kusikelo ya amayi oyembekezera, monga ku chipatala cha Bwaila ndi m'zipatala zazing'ono za ku Kawale ndi ku Area 25, amayi amapatsidwa mapilitsi a ayironi ndi folic acid. Popeza kapaipi kamatsekeka m'mwezi woyamba, folic acid amateteza bwino mayi akayamba kumwa asanatenge pathupi. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 osakwana zaka 5 anali okwinimbira. Masiku 1,000 oyamba, kuchokera potenga pathupi mpaka mwana atakwanitsa zaka 2, ndi amene a zaumoyo amawaikira mtima kwambiri.

Poliyo. Kachilombo ka poliyo kamalowera m'kamwa, ndipo kakafika mu msana kamapha manyuroni olamulira minofu. Minofuyo imakhala ilipo koma siilandiranso lamulo, motero mwendo umalefuka n'kuwonda. Mwa anthu 200 otenga kachilomboka, pafupifupi mmodzi amalumala mpaka kalekale. Pa 17 February 2022 boma linalengeza kuti poliyo wapezeka mwa mwana wa zaka 3 mu mzinda wa Lilongwe, amene anafa ziwalo mu November 2021. Aka kanali koyamba m'Malawi kuchokera mu 1992, ndipo kachilomboko kanali kofanana ndi kamene kankapezeka ku Pakistan. Mu March 2022 katemera wa khomo ndi khomo anayamba, ndipo anafika m'madera onse a mzindawu ndi m'mayiko oyandikana nawo. Ana ena 8 anapezeka ndi matendawa m'chigawo cha Tete ku Mozambique. Mliriwu unalengezedwa kuti watha mu May 2024.

Malungo a mu ubongo. Maselo ofiira a magazi okhala ndi tizilombo ta malungo amamatirira m'mitsempha ing'onoing'ono ya magazi mu ubongo, ndipo mwana amakomoka. Terrie Taylor ndi Malcolm Molyneux, pogwira ntchito ku chipatala cha Queen Elizabeth Central ku Blantyre, anakonza muyeso wa kukomoka kwa ana wotchedwa Blantyre Coma Scale, umene ukugwiritsidwa ntchito m'mayiko ambiri. Mu 2015 gulu la Taylor linasonyeza ndi makina a MRI kuti ana ambiri amene amamwalira amakhala atatupa ubongo kwambiri, ndipo kutupako kumapanikiza tsinde la ubongo mpaka kupuma kuima. Ena mwa opulumuka amatsala ndi khunyu kapena vuto pophunzira. Mu April 2019 Malawi linakhala dziko loyamba kuyamba kupereka katemera wa malungo wa RTS,S kwa ana kusikelo.

Khunyu. Matenda akugwa amachitika manyuroni ambiri akawombera nthawi imodzi mopanda dongosolo. Angayambe chifukwa cha kubanika pobadwa, malungo, matenda oumitsa khosi, kuvulala m'mutu kapena nyongolotsi za nkhumba zikafika mu ubongo. Sapatsirana kudzera m'malovu kapena pomugwira wodwala. Bungwe la World Health Organization limati anthu 7 pa 10 angasiye kugwa atalandira mankhwala oyenera, monga phenobarbitone, carbamazepine ndi sodium valproate. Munthu akagwa ayenera kuchotsedwa pafupi ndi moto kapena madzi ndi kugonekedwa cham'mbali, osamuika supuni kapena chala m'kamwa.

Kuvulala m'mutu ndi msana. Njinga zamoto za kabaza zimanyamula anthu ambiri ku Chinsapo, Biwi, Mgona ndi Area 23, ndipo okwera ambiri savala chipewa choteteza mutu. Axon ya m'dzanja ikaduka imatha kumeranso pafupifupi milimita imodzi pa tsiku, koma ya mu ubongo ndi mumsana siimera motero. Ovulala kwambiri amatumizidwa ku chipatala cha Kamuzu Central, kumene mu 2023 kunatsegulidwa Lilongwe Institute of Orthopaedics and Neurosurgery, chipatala cha mafupa ndi maopaleshoni a ubongo.

Kuchira

Ngakhale manyuroni akufa sabwerera, amene atsala amatha kupanga ma synapse atsopano ndi kulimbitsa akale, n'kutenga mbali ina ya ntchito imene inatayika. Izi zimachitika mofulumira mwa ana, koma sizitha ngakhale mwa okalamba. Pamenepa ndi pamene pagona mafizo: wodwala sitiroko akamabwereza kugwira kapu, kuimirira kapena kutchula mawu tsiku ndi tsiku, amakhala akuphunzitsa manyuroni otsalawo njira yatsopano. Kusintha kwakukulu kumaoneka m'miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi yoyamba, motero madokotala amalimbikitsa kuyamba mafizo msanga.