Munda Biddi: njira ya njinga yodutsa m'nkhalango za ku Australia

Munda Biddi ndi njira ya njinga zakapalasa yomwe ili kumwera chakumadzulo kwa dziko la Australia. Imayambira ku Mundaring, pafupi ndi mzinda wa Perth, n'kukathera ku Albany m'mbali mwa nyanja. Kutalika kwake ndi makilomita opitirira 1,000, kuposa kwambiri mtunda wochoka ku Tete kukafika ku Beira. Dzinali ndi la m'chinenero cha anthu a mtundu wa Noongar, eni nthaka a deralo, ndipo limatanthauza njira yodutsa m'nkhalango. Inamangidwa zigawozigawo mpaka kumalizika m'chaka cha 2013.

Kupalasa njinga yolemedwa ndi katundu mumsewu wafumbi si nkhani yachilendo kwa mlimi wa ku Angónia kapena ku Tsangano. Kusiyana kwake n'kwakuti opalasa a ku Munda Biddi sapita kumsika. Amayenda pofuna kuona nkhalango ndi kuyesa mphamvu zawo, ndipo ambiri amatha masabata awiri kufikira anayi ali m'njira. Ena amasankha chigawo chimodzi cha masiku awiri kapena atatu n'kubwerera kwawo.

Mbali zina za njirayi zimatsata mmene munkadutsa njanji za sitima zonyamula matabwa kalekale, motero zitunda zake n'zosavuta. Kwina ndi tinjira tating'ono ndi misewu ya oyang'anira nkhalango. Chigawo chakumpoto ndicho chimadandaulitsa anthu ambiri chifukwa cha timiyala tofiira tobulungira ngati nsawawa, tomwe timatereretsa tayala pokwera ndi potsika pomwe. Apa njinga ya matayala aakulu ndi magiya ambiri ndiyo imathandiza, ngakhale kuti malo ena munthu amatsikabe n'kuyamba kukankha.

Mitengo yambiri ya m'nkhalangozi ndi ya m'banja la bulugamu. Kumpoto kuli jarrah, wa matabwa ofiira olimba. Kumwera, cha ku Pemberton ndi Northcliffe, kuli karri, umodzi mwa mitengo yaitali kwambiri padziko lapansi, womwe umatha kupitirira mamita 70.

Njirayi inakonzedwa moti wopalasa akayenda tsiku limodzi afike m'katauni, monga Dwellingup, Collie kapena Nannup, kapena pa chisakasa chogonamo. Zisakasazi salipiritsa. Zili ndi denga la malata, mathandala ogonapo, chimbudzi ndi mathanki a madzi amvula. Sitolo palibe, wophika palibe, ndipo malo ambiri foni siigwira. Chakudya, zofunda ndi kambaula kophikira munthu amanyamula yekha, pamodzi ndi pampu, chubu chapadera, zigamba, guluu ndi zida zolumikizira tcheni. Madzi a m'thanki amafunika kuwiritsa kapena kuthira mankhwala, ndipo nyengo yotentha akhoza kuchepa. Amene wanyamuka akudalira thanki yokha amakhala waika moyo wake pachiswe.

Nyengo za kumeneko zimayendera limodzi ndi za ku Mozambique pa nkhani ya kutentha ndi kuzizira, koma mvula yambiri imagwa m'miyezi yozizira ya Junho mpaka Agosto. Dezembro mpaka Fevereiro kumatentha ndi kuuma, ndipo ndi nthawi ya moto wolusa. N'chifukwa chake ambiri amayenda kuyambira Setembro mpaka Novembro, kapena m'miyezi ya Abril ndi Maio. Moto wa m'chaka cha 2015 kufupi ndi Northcliffe unatentha mahekitala opitirira 90,000. Pa zisakasa za njirayi saloleza kusonkha moto wa nkhuni, ndipo nthambi ya boma yoona za nkhalango imatseka zigawo zina ikamatentha tchire mwadala pofuna kuchepetsa zinyalala zouma. Wopalasa amayenera kufufuza za zigawo zotsekedwa asananyamuke.

Mdani wina saoneka ndi maso. M'dothi la deralo muli kachilombo kotchedwa Phytophthora cinnamomi, kamene kamaoletsa mizu moti mtengo umalephera kumwa madzi n'kuuma uli chiimire. Ndi ka m'banja limodzi ndi kamene kamayambitsa chiwawu cha kachewere ndi tomato, matenda omwe alimi a mbatatesi amawadziwa bwino. Kamapha jarrah ndi zomera zina zambiri zam'tchire, ndipo kakalowa m'nthaka palibe njira yokachotseramo m'nkhalango yonse. Pakokha kamayenda pang'onopang'ono, motsata madzi ndi mizu yokhudzana. Chomwe chimakafikitsa kutali ndi matope omata ku matayala, ku nsapato ndi ku makina. Njinga imodzi yochoka pamalo odwala ingathe kunyamula matendawo makilomita ambiri tsiku limodzi. Choncho opalasa amapemphedwa kupukuta matope onse ku matayala ndi ku nsapato, kusapatuka m'njira yoikidwa zizindikiro, ndi kusalowa m'madera otsekedwa, makamaka nthaka ikanyowa.

Njirayi imasamalidwa ndi boma la Western Australia mogwirizana ndi bungwe la Munda Biddi Trail Foundation, lomwe lili ndi anthu ongodzipereka olambula njira ndi kupereka malipoti a mitengo yogwa. Kuyambira Janeiro 2024 boma lomwelo linaletsa kudula mitengo yachilengedwe ya m'nkhalango zake pochita malonda a matabwa.