Zotchinga Zopindika za ku France

Chotchinga chopindika, chimene Afalansa amachitcha paravent, ndi chipangizo cha m'nyumba chokhala ndi zigawo ziwiri kapena kuposerapo zolumikizidwa ndi mahinjesi, ndipo chimaima chokha chikatambasulidwa mokhotakhota. Kwawo kwenikweni ndi ku China, koma chidafala ku France m'zaka za m'ma 1600 ndi 1700. Zipinda za m'nyumba zachifumu zinali zazikulu ndi zozizira, choncho anthu ankachiimika pafupi ndi khomo kapena powothera moto kuti chitchinge mphepo. Chinkabisanso munthu posintha zovala.

Zotchinga zopaka utomoni wakuda wonyezimira zochokera ku China zidatchedwa Coromandel, potengera gombe la ku India kumene amalonda ankazikwezera m'zombo. Zinali zodula kwambiri, moti abale a banja la Martin ku Paris adatchuka ndi vanishi wotsanzira utomoniwo. Fakitale ya Savonnerie inkaluka zigawo zaubweya za zotchinga za mfumu. Amisiri ena ankakuta mafelemu ndi silika, chikopa kapena mapepala ojambulidwa.

M'zaka za m'ma 1920, nthawi ya Art Deco, amisiri Jean Dunand ndi Eileen Gray adatsitsimutsa luso la utomoni. Gray adapanga chotchinga cha timatabwa tosanjikizana ngati njerwa, chosiyana kotheratu ndi zakale. Katswiri wa mafashoni Coco Chanel ankakonda zotchinga za Coromandel, nazidzaza m'zipinda zake pa 31 rue Cambon ku Paris.

Ogula zotchinga zakale amayang'ana mahinjesi, kuseri kwa zigawo ndi mabowo a anankafumbwe, popeza zambiri zidakutidwanso nsalu yatsopano, ndipo zimenezi zimatsitsa mtengo.