Mikanda ya mkwatibwi idabwera ndi yani?

Makolo ndi aphunzitsi anzanga, mbatata ikagulidwa ku Tsangano, fodya akagulidwa ku Furancungo, maukwati amayamba. Mudzamva amayi akuti mkwatibwi akapanda diresi loyera ndiye kuti wayamba ndi tsoka. Koma diresi limeneli ndi ladzana. Ku Ulaya komweko lidatchuka Mfumukazi Victoria atalivala paukwati wake mu 1840, ndipo kwathu kuno lidafika ndi ukwati wa mtchalitchi, mamishoni monga Lifidzi atakhazikika.

Agogo athu ankaveka mkwatibwi mikanda m'chiuno. Nayonso mikanda yagalasiyi idali yobwera. Inkapangidwa ku India ndi ku Venice, n'kukwera mtsinje wa Zambezi kudzera ku Sena ndi ku Tete, ndipo amalonda ankaisinthanitsa ndi minyanga ya njovu, nthawi zina ndi anthu. Njira ya malondayi inkadutsa ku Macanga kuno, dziko lomwe banja la Caetano Pereira lidalamulira m'zaka za m'ma 1800 mpaka 1902.

Chimene chidali chathuchathu ndi tanthauzo lomwe anamkungwi adaiveka mikandayo. Yofiira inkauza mwamuna kuti mkazi ali kumwezi, yoyera inkati wamasuka. Mkazi ali kumweziko sankathira mchere m'ndiwo, kuopa mdulo, womwe ena amati tsempho. Apa mpamene mawu akuti "sorte" amatisocheretsa tikamamasulira. Sorte imangokugwera. Makolo athu sankadikira zogwa: mtendere wa banja ankausunga posunga mwambo, ndipo mtsikana ankaphunzitsidwa mwambowo usiku, m'nyimbo ndi m'mikuluwiko. Inde, zina mwa zophunzitsidwazo zinkamupanikiza mkazi yekha, mwamuna ali phe.

Panalinso nkhuku. Ankhoswe akuchimuna ankabwera ndi tambala, akuchikazi ndi thadzi, n'kusinthana pamaso pa anthu. Ukwati wopanda ankhoswe unkatengedwa ngati chibwenzi chabe, ndipo mkazi akadwala kapena akazunzidwa padalibe woti akamuyankhulire. Lichero, mthiko ndi chipande zinkatsatira pambuyo.

Angoni a kwa Maseko atakhazikika kuphiri la Domwe cha m'ma 1870, adabweretsa lobola ya ng'ombe ndi nyimbo za mthimba, mkwatibwi n'kumapita kumudzi kwa mwamuna. Achewa adazolowera chikamwini, mwamuna kukamanga kwa mkazi. N'chifukwa chake mpaka lero midzi iwiri yoyandikana ku Tsangano imatha kukangana kuti wotuluka pakhomo pa makolo ndi ndani.

Boma la Mozambique lidavomereza ukwati wachikhalidwe m'lamulo la mabanja la 2004. Mu 2019 lidaletsa kukwatitsa mwana wosakwana zaka 18, ndipo kholo kapena mkulu wokonza ukwati wotero akhoza kumangidwa. Kale mikanda ya ukwati inkabwera chinamwali chitangotha. Tsopano namwali wotuluka kutsimba ali m'kalasi yachisanu ndi chimodzi ayenera kubwerera kusukulu Lolemba, nkhuku za ankhoswe zidikire.